Funso limene NyaShaba anakana kuyankha

Ku koleji sanandithamangitse ayi. Anthu amakonda kukokomeza zinthu. Chimene chinachitika n'chakuti kumapeto kwa chaka chachiwiri akuluakulu anakhala pansi, n'kuyang'ana malikisi anga, n'kugwirizana kuti luso langa likufunika kwambiri kunja kwa mpanda kusiyana ndi mkati. Ine sindinatsutse. Ndinanyamula chikwama, ndowa ndi dikishonale, n'kukwera basi ya ku Mzimba, kumene achemwali anga anakwatiwa ndi wapolisi. Kwathu ku Ntcheu sindikanapitako, chifukwa mayi anali atauza kale mpingo wonse kuti akulera loya.

Alamu anga anandisunga bwino. Ntchito yanga pakhomopo inali kudya, kumvera wailesi ndi kukonza Chingerezi cha owerenga nkhani, ngakhale iwo sankandimva. Tsiku lina m'mawa alamuwo akupolisha nsapato anayankhula osandiyang'ana: "Alamu, Chingerezi chimene mukutayira pakhomo panochi kuli munthu akuchifuna."

Munthuyo anali a Zgambo, hedimasitala wopuma pa ntchito, amene anatsegula sukulu ya masana kuseri kwa msika wa pa Boma. Nyumba yake kale ankasungiramo chimanga, ndipo anankafumbwe ena anali asanamve kuti malowo asintha ntchito. Ophunzira anali anthu amene analephera mayeso a Fomu 4 ndipo ankafuna kulembanso. A Zgambo sanandifunse mapepala. Anandipatsa choko n'kuloza bolodi.

"Lembani accommodation."

Ndinalemba, ma c awiri, ma m awiri. Anayandikira, n'kuwerenga zilembozo ndi chala.

"Mbwenu muyambe Lolemba, dada. Amene analipo ankaika m mmodzi."

Kwa amene simunalembepo mayesowa, ndifotokoze kaye. Munthu ukhoza kukhoza masamu, zaulimi, sayansi ndi Baibulo lomwe, koma ukapeza 9 pa Chingerezi satifiketi palibe. Choncho ophunzira anga sanali mbuli. Anali anthu anzeru zawo amene phunziro limodzi linawatsekera pakhomo. Munali alonda, azimayi ogulitsa tomato, mnyamata wa m'chigayo, ndi wapolisi mmodzi amene anandipempha kuti alamu anga asadziwe.

Zida zanga zinali izi. Bolodi linali pulayiwudi yopakidwa zakuda za m'mabatire akutha, moti ukalemba kwambiri unkatuluka ngati wochokera kootcha makala. Dasitala inali sokosi yothiramo nsanza. Choko a Zgambo ankapereka chimodzichimodzi ngati mapilitsi, ndipo kachidutswa kotsala kankabwezedwa ku ofesi. Panalinso mulu wa mapepala a mayeso akale womangidwa ndi mphira, makina a sitensulo ozunguza ndi dzanja amene ankapaka inki paliponse kupatula pamene ikufunika, ndi bolopeni yofiira imene inali chizindikiro cha ufumu wanga. Dikishonale ya sukuluyo inkayambira pa C n'kuthera pa T. Mawu onse oyamba ndi A, B ndi otsirizawo tinkawatenga mwa chikhulupiriro, kufikira nditabweretsa yanga.

Sabata tinkaigawa patatu. Masiku ena anali a mawu atsopano: liwu pa bolodi, tanthauzo lake, kenako aliyense apange chiganizo chake. Masiku ena anali a galamala, makamaka timawu timene timagwetsa anthu akuluakulu ngati in, on, at, ndi mafunso osankha A, B, C kapena D. Loweruka linali la ndime yowerenga n'kuyankha mafunso, imene aliyense ankangoitchula kuti kompulihenshoni, motsitsa mawu ngati akutchula matenda.

Sabata yoyamba yomweyo ndinaphunzira kuti m'kalasimo muli zinenero zitatu, ndipo ine ndikudziwa ziwiri. Ndinalemba pa bolodi swim, pambali pake n'kulemba kuti kusambira. Onse anagwedeza mitu mokhutira, ine n'kuona kuti uphunzitsi ndi ntchito yophweka. Mawa lake makope anabwera. Wina analemba kuti: I swim English at Mr Zgambo. Wina: My children are swimming in Standard Five. Mlonda wina analemba mwaulemu: Everybody must swim, even old people.

Ndinapita nawo makopewo ku ofesi ngati umboni wakuti anthuwa sangathandizike. A Zgambo anawerenga, n'kuvula magalasi.

"Kuno, m'Chitumbuka, kusambira n'kuphunzira, dada. Inuyo ndinu msambizgi. Anthuwa alemba zimene mwawauza."

M'kalasimo munali munthu mmodzi amene ankadziwa kuti ndalakwitsa. Anali a Saidi, a ku Mangochi, amene ankagulitsa mapoto ndi mabeseni mumsika, ndipo ankalembanso mayeso chifukwa akazi awo anali ndi satifiketi ndipo ankaitchula pa mkangano uliwonse. Nditawafunsa chifukwa chimene sanandichenjezere, anati: "Ndimafuna ndione ngati mufike kutsidya, Sala."

Kuyambira pamenepo liwu lililonse ndinkalimasulira kawiri. Ine ndinkanena Chichewa, wina n'kunena Chitumbuka, ndipo tikagwirizana m'pamene linkalowa m'kope. Amene ankandithandiza kwambiri pa ntchitoyi anali NyaShaba.

NyaShaba anali mayi wa ana atatu, wosayankhulayankhula, amene ankabwera pa njinga kuchokera kumudzi wina wa m'njira ya ku Embangweni. Ankafika fumbi lili mbuu m'miyendo, n'kupukuta mapazi ndi nsonga ya chitenje asanalowe. Kwawoko ankathandiza pa sikelo ya ana, kupachika ana pa mbedza ndi kulemba makilo, mongodzipereka. Achipatala anali atamuuza kuti akabwera ndi satifiketi amutumiza ku maphunziro a ulangizi wa zaumoyo. Maphunziro ena onse anakhoza kalekale. Chingerezi chokha chinamupatsa 9 kawiri. Ankakhala kumudzi kwa amuna ake, monga mwa mwambo wa kumeneko, ndipo apongozi ake aamuna anali atagamula kuti chaka chimenecho n'chomaliza. Akalepheranso, njinga ibwerere ku ntchito yake yonyamula matumba a kuchigayo, mkamwana abwerere kumunda.

Galamala ankaidziwa ngati nyimbo za kutchalitchi. Ukangoti interested, iye wayankha kale kuti in. Vuto linali kompulihenshoni. Njira imene ndinkaphunzitsa inali yoti uyambe wawerenga mafunso, kenako ndime kawiri, koyamba mothamanga, kachiwiri ndi pensulo m'manja ukudula mzere kunsi kwa pamene pali yankho, ndiyeno ulembe yankholo m'mawu akoako. NyaShaba ankatsata zonsezi kupatula chomalizacho. Ankasaka liwu la m'funso m'ndimemo, akalipeza n'kukopera chiganizo chonse pamodzi ndi anansi ake, ngati munthu wozula chinangwa ndi dothi lomwe. Ndimeyo sankaimva, ankangoisaka. Oyesa mayeso zimenezi sapereka nazo malikisi. Ndinkalemba mofiira m'mbali kuti "mawu anuanu, mayi", iye n'kuyankha kuti: "Mawu anga a Chizungu ndi ochepa, asambizgi. Ndimawasunga."

Kutatsala milungu yochepa kuti alembe mayeso enieni, a Zgambo anakonza mayeso oyeserera. Iwo zoyeserera sankazitenga ngati zoyeserera. Mabenchi anatalikitsidwa, zikwama zinasiyidwa panja, ndipo lamulo linalengezedwa kuti wotuluka asanamalize walephera, sabwereranso. Ndime anasankha okha pa mulu uja, n'kuitayipa, n'kuizunguza pa makina. Ine ndinaiona koyamba m'mawa wa Loweruka lomwelo ndikugawa mapepala.

Inali nkhani ya munthu amene anachoka kumudzi kupita kukagwira ntchito kumigodi ya kumwera, atalonjeza mkazi wake kuti abwera akakolola. Zaka zinapita. Mkazi ankasesa pakhomo n'kumayang'ana kumsewu. Kumapeto kwa ndimeyo munthuyo anali m'tauni ndi mkazi wina ndi ana ena, ndipo wolembayo anati mudzi wake unali utasanduka malo amene anangowamvapo. Ndinaiwerenga monga katswiri n'kuona kuti ndi ndime yabwino, ili ndi mawu ovuta okwanira. Kuti ku Mzimba pafupifupi khomo lililonse lili ndi munthu ku Joni ndinkadziwa, monga mmene munthu amadziwira kuti kunja kukuzizira iye ali m'nyumba.

Mayeso anayamba. Ndinkayenda pakati pa mabenchi manja kumbuyo, nkhope ya woweruza milandu. Nditadutsa pa NyaShaba ndinaona chachilendo: pensulo inali pansi, ndipo ankawerenga milomo ikugwedera, osasaka liwu lililonse. Nditadutsanso anali atayankha mafunso atatu oyamba, mwachidule, m'mawu akeake. Mumtima ndinayamba kukonza mawu odzitama. Ulendo wachitatu ndinamupeza atatseka bolopeni. Anatembenuza pepala, n'kumanga bwino chitenje, n'kutuluka.

Kalasi yonse inadzutsa mitu. Ndinatembenuza pepala lija. Pa funso lachinayi panalibe kanthu. Funsolo linali lakuti: According to the passage, why did the man never return home?

A Saidi anandikoka malaya. "Sala, atsatireni mayiwo," ananong'ona. "Amuna awo ali ku Joni. Mwana wawo womaliza nkhope ya bambo ake saidziwa."

Ndinasiya mayeso m'manja mwa a Saidi, mmodzi wa olemba mayesowo, zimene buku lililonse la uphunzitsi limaletsa. NyaShaba ndinamupeza pansi pa mtengo akumasula unyolo wa njinga.

"Mayi, mayeso sanathe."

"Kwa ine atha, asambizgi. Yewo chomene, mwayesetsa."

"Ndime yavuta? Simunaimve?"

"Napulika," anatero. "Napulika yose. Lero ndiye ndamva."

"Ndiye kuti yankho mukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Kweni ningalemba yayi. Mbutesi."

Chitumbuka changa chinali chitakula mokwanira kumva kuti akuti ndi bodza. Ndinatsokomola, n'kutulutsa nzeru zonse zimene koleji inakwanitsa kundipatsa m'zaka ziwiri. Ndinamuuza kuti nkhaniyo ndi yopeka, munthuyo kulibe, mkaziyo kulibe, ngakhale mudziwo kulibe. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira mwana amene makilo ake atsika.

"Wolembayo anapitako ku Joni? Anamufunsa munthuyo? Mwina mapepala anamuthera, akuyenda mobisala. Mwina akudwala. Mwina akuchita manyazi kubwera chimanjamanja, anzake akubwera ndi malata. Iye wangoti waiwala, basi wamaliza. Pamudzi onse amanena zomwezo. Apongozi aakazi amanena, azilamu amanena. Ine pakamwa panga sizinatulukepo. Ndiye lero ndilembe ndi dzanja langa chifukwa cha malikisi awiri?"

"Mayi, ano ndi oyeserera chabe. Lumphani funsolo, mupitirize enawo."

"Nanga likadzabwera pa enieni? Ndidzatulukanso. Bola ndisiye lero, njinga ndikabweze ndekha asanachite kundilanda."

Sankalira. Akanalira mwina ndikanadziwa chochita, chifukwa munthu wolira umangomuuza kuti pepani. Unyolo unali utamasuka kale, ndipo ine ndinagwira chishalo cha njingayo ngati kuti ndi yanga. Ndinali ndi dikishonale yathunthu, kuyambira A mpaka Z, koma ndinalibe mawu.

Apo a Zgambo anatulukira pakona. "What is this? Msonkhano wa chipani?" Ndinawafotokozera mwachidule, motsitsa mawu. Anayang'ana NyaShaba. Kenako anati: "Wotchi yanga ndaiiwala mu ofesi. Ndikukaifuna. Sindinaone munthu aliyense akutuluka." Anatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono, wotchi ikung'anima pamkono.

Titatsala awiri, ndinafunsa funso limene mphunzitsi safunsa. "Uthenga umabwerako?"

"Umabwera ndi matransipota," anatero, kunena anthu a magalimoto amene amanyamula katundu ndi mauthenga pakati pa Joni ndi Mzimba. "Akuti ali ndi mkazi wina kumeneko. Akuti ana awiri."

"Mayi, zija mumati sizinatulukepo pakamwa panu mwangozinena kumene."

Anakwiya. "Sindinanene ine! Ndati akuti."

Sindikufuna kunama kuti kumwamba kunatseguka. Kunali mphepo ndi fumbi basi, ndipo kuseri kwa msika wina ankakhoma chidebe. Koma liwu loti akuti ndinalimva ngati ndikulimva koyamba.

"Mukati akuti, ndiye kuti mwavomereza?"

"Yayi."

"Mwanama?"

"Yayi. Ndangonena zimene anena."

"Ndiye mawu aja ali koyambirira kwa funso, according to the passage, ndi akuti wa Azungu. Sakufunsani zimene inu mukudziwa. Sakufunsani za kunyumba kwanu. Wolemba ndimeyo ndi transipota, wafika pamsika, wanena zake. Oyesa mayeso akungofuna kudziwa ngati munamva zimene transipotayo wanena. Mlandu wa bodza ndi wake."

NyaShaba anachotsa dzanja pa handulo. "Ndiye ndikhoza kuyamba ndi the writer says?"

"Yambani choncho. Ndipo ngati mukufuna kumunyoza pang'ono, lembani claims."

"Claims n'chiyani?"

"Ndi akuti yemweyo, koma wopotoza mlomo."

Anayesa liwulo pakamwa kawiri, ndipo ulendo wachiwiri mlomo unapotokadi. Sanaseke, koma panatsala pang'ono. Anakulunganso unyolo pa mtengo, n'kutseka loko, n'kupukuta mapazi ndi chitenje ngakhale sanayende ulendo uliwonse.

Titalowa tinapeza a Saidi ataima kutsogolo manja kumbuyo, akulengeza kuti aliyense woonera mnzake amulipiritsa beseni. NyaShaba anakhala pamalo pake n'kutsegula bolopeni. A Zgambo anabwera nthawi itadutsa ndithu n'kunena kuti wotchi yapezeka, ndipo malinga ndi wotchiyo nthawi ikadalipo.

Pochonga ndinayambira pepala lake. Pa funso lachinayi analemba kuti: The writer claims that the man forgot his home because he found another family in town. Chiganizo chimodzi, choyera, chakechake, chopanda dothi. Ndinapereka malikisi onse awiri. Kunsi kwake, ndi pensulo, mwa zilembo zing'onozing'ono, anawonjezera kuti: But the writer did not ask him.

Ndinakawaonetsa a Zgambo. Anawerenga kawiri, n'kumuitanitsa Lolemba. "Mama, galamala ili bwino. Koma mzere wachiwiriwu pa mayeso enieni musadzalembe. Muzingouganiza."

Milungu yotsalayo NyaShaba anasintha kawerengedwe. Ndime iliyonse, kaya ya njuchi, kaya ya kudula mitengo, ankaitenga ngati munthu amene wabwera ndi nkhani pachitsime: amvetsere kaye, aone ngati akunama, kenako afotokoze zimene wanena. Mayankho ake onse ankayamba ndi the writer says, kupatula pamene wolembayo wamukwiyitsa. Kukopera kunatheratu, chifukwa munthu sabwereza miseche liwu ndi liwu, amaifotokoza mwa njira yake. Njirayi ndinaiphunzitsa kalasi yonse ngati kuti ndinaitenga ku koleji.

Pa mayeso enieni ndime inali ya zina, sindikumbukanso, mwina za nsomba. Zotsatira zitatuluka a Saidi anapezanso 9 ndipo anailandira ngati mnzawo wakale. NyaShaba anapeza 7. Kwa ena 7 ndi manyazi. Kwa iye inali satifiketi. Anabwera kudzatiuza pa njinga yomwe ija, atanyamula nkhuku ya a Zgambo ndi mtedza wanga, zimene zinandionetsa bwino kusiyana kwa maudindo athu.

Patapita zaka ndinakumana naye pa Jenda ndikudikira basi. Anali mu yunifolomu, kabokosi ka katemera kali pa kaliyala. Tinapatsana moni, n'kufunsana za ana ndi za a Zgambo. Za ku Joni sindinafunse. Anayambitsa yekha, akukwera njinga.

"Akuti abwera pa Khrisimasi, asambizgi."

"Says kapena claims?"

Anaganiza kaye, phazi limodzi lili pansi. "Says," anatero. Kenako anapalasa.

Uphunzitsi sindinausiye, ngakhale mpaka pano palibe koleji imene yabwera kudzapepesa. Ndime iliyonse ndimaiwerenga ndekha ndisanaigawe, ndipo ndimaiwerenga ndikuganiza za anthu amene akhale pa mabenchiwo. Ndikapeza funso losayankhidwa pa pepala la wophunzira, bolopeni yofiira ndimayamba ndaiika pansi n'kumuitana mwini pepalalo. Ambiri amakhala kuti sanamve, n'zoona. Koma ena amakhala atamva.